Ucar pa benchi: Godfrey Chitalu, womwetsa zigoli amene anadzakhala kochi

(Nyimbo yotsegulira pulogalamu. Itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Lero ndikulankhula makamaka ndi inu makochi a matimu a m'komboni ya George ndi makomboni oyandikana nayo muno mu Lusaka, inu amene mumadzuka Loweruka m'mamawa, wezulo m'thumba, mpira kukhwapa, gulu la ana likukutsatani pambuyo. Koma amayi ndi abambo musachoke pa wailesi, poti anawo ndi anu.

Munthu wathu lero ndi malemu Godfrey Chitalu, amene dziko lonse limamudziwa kuti Ucar. Sagona kutali ndi ife. Mukadutsa Matero n'kutulukira ku Great North Road, pafupi ndi Independence Stadium pali Heroes' Acre, ndipo manda ake ali pamenepo pamodzi ndi a anyamata amene ankawaphunzitsa. Dzina lake likatchulidwa, aliyense amathamangira nambala ija, 107. Tifikako. Koma funso langa lero ndi lina: kodi munthu amene anazolowera kugoletsa yekha amasanduka bwanji munthu woti ena agoletse iye atakhala pansi?

Chitalu anabadwa pa 22 Okutobala 1947 ku Luanshya, m'komboni ya Mikomfwa. Anali mwana wa m'komboni ngati ana athuwa, woyambira mpira pafumbi. Atasamukira ku Kitwe, anawonekera m'matimu a achinyamata, ndipo asanakwanitse zaka 20 anali kale m'timu yaikulu ya Kitwe United. Mphamvu anali nazo, liwiro linalipo, ndipo akaumenya mpira, goloboyi ankaumva m'manja.

Koma anali wamtima wapachala. Izi mbiri yake sibisa, nanenso sindibisa. Akamutchera mwendo ankabwezera pompo, woyimbira akamudzudzula ankayankha, ndipo kangapo konse anatulutsidwa m'bwalo ndi kuimitsidwa. Nkhani yodziwika kwambiri ndi iyi. Masiku amenewo makadi achikasu ndi ofiira anali asanabwere. Woyimbira akafuna kukuchenjeza ankakuitana, n'kutulutsa kabuku ndi pensulo, n'kukufunsa dzina. Ndiye tsiku lina woyimbira waima, pensulo ili m'manja, wafunsa mnyamatayo dzina lake. Iye n'kuyankha kuti ndi Denis Law, katswiri wa Manchester United wa ku Scotland amene ankamusirira. Woyimbira sanaseke. Anamulozera kunja.

Makochi anzanga, mnyamata wotereyu mumamudziwa. Timu iliyonse ya ku George ili naye. Ndiye amene amagoletsa, ndiyenso amene amayambitsa ndewu. Ambiri a ife timasankha chimodzi mwa ziwiri: kumuthamangitsa, kapena kumulekerera chifukwa tikuopa kuluza Lamlungu. Akuluakulu a Kitwe United sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Mu 1968 anamupatsa ukaputeni. Wovuta uja anamusenzetsa udindo woletsa anzake kuvuta.

Chaka chomwecho anamwetsa zigoli 81, anayamba kusewerera timu ya dziko, ndipo anakhala munthu woyamba kulandira mphoto ya wosewera wopambana wa chaka m'Zambia. Sindikunena kuti ukali unatha tsiku limodzi, ayi. Koma ine ndimaona kuti ukochi wa Chitalu unayambira pamenepa. Kaputeni saganiza za mwendo wake wokha. Amayenera kuona kuti wakumbuyo uja watopa, kuti wapakati wataya mtima, kuti iye akatulutsidwa anzake atsala 10.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Mu 1971 anasamukira ku Kabwe Warriors, timu ya anthu a njanji. Dzina lakuti Ucar anamupatsa ndi muulutsi wotchuka uja, malemu Dennis Liwewe, potengera mabatire a UCAR amene ankadziwika kuti sakutha msanga. Achikulire amene munkamvera mpira pa wailesi ya mabatire mukukumbukira.

Kenaka 1972. Chakachi chinayamba ndi mpikisano wa matimu opambana a mu Africa, Warriors itakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. M'masewero achibwereza kuno kwathu Warriors inapambana 9-0, ndipo zigoli 7 mwa zimenezo zinali za munthu mmodzi. Chodabwitsa n'chakuti zigoli za Majantja sizili m'gulu la 107 zija, chifukwa zinabwera nyengo ya mpira wa m'dziko isanatsegulidwe. Nyengoyo itatsegulidwa, Warriors inasesa zonse: ligi, Castle Cup, Challenge Cup, Chibuku Cup ndi Charity Shield. Pakutha pa chaka, Chitalu anali atamwetsa zigoli 107.

Taganizirani bwino nambalayi. Chaka chili ndi masabata 52. Ndiye kuti munthuyu ankagoletsa zigoli ziwiri sabata iliyonse, chaka chonse, osapumira. Chaka chomwecho ku Germany, Gerd Müller anamwetsa 85, ndipo dziko lapansi linalemba dzina la Müller.

Tsopano apa mpamene nkhani imandigwira mtima, ndipo ndikupempha mutchere khutu. Munthu wa zigoli 107 mungayembekeze kuti m'timu ya dziko malo ake anali osakambirana. Sizinali choncho. Kochi wa Zambia nthawi imeneyo anali Ante Buselic wa ku Yugoslavia, munthu wokonda mpira wopatsirana, aliyense pamalo pake. Kutsogolo anali ndi anthu ena amene ankawadalira, monga Bernard Chanda ndi Simon Kaushi. Mu 1974 Zambia inapita koyamba ku mpikisano wa Africa Cup ku Egypt, inafika mpaka mu fainolo, inalepherana ndi Zaire 2-2, n'kugonja 2-0 pa masewero obwereza. Chitalu analipo m'gululo, koma timuyo sinamangidwe pa iye. Benchi anaidziwa, ndipo zaka zotsatira anasiyidwa kunja kwa timu ya dziko.

Kodi mumadziwa kuwawa kwake kwa benchi kwa munthu wotere? Ochemerera akuimba dzina lako, iwe wavala jekete, manja wapinda. Mnzako waphonya mpira umene iwe ukudziwa kuti ukanaulowetsa maso otsinzina. Sungalankhule. Ukangong'ung'udza, mawa zili m'nyuzipepala.

Komatu benchi ndi sukulu. Uli m'bwalo umaona mpira ndi munthu amene wakutchinga basi. Uli pa benchi umaona bwalo lonse: mpata umene watseguka kumanzere, wakumbuyo amene akuchedwa kubwerera, mzere wapakati umene watalikirana ndi akutsogolo. Umaphunziranso china chimene wosewera woyamba nthawi zonse sachidziwa: mmene mtima umapwetekera mayina 11 akawerengedwa lako mulibe. Kochi amene sanalawepo zimenezi amasiya mwana pa benchi miyezi itatu osamuuza ngakhale mawu amodzi. Awa ndi maganizo anga, ndipo ndaima nawo: zaka zimene Chitalu anakanidwa zinamukonzera ukochi kuposa chaka cha 107.

Sanataye mtima. Mu 1977, Buselic atachoka, anaitanidwanso. Pa masewero odzigulira malo ku World Cup ndi Uganda ku Ndola anayambira pa benchi pomwepo, n'kulowa, n'kumwetsa ziwiri, Zambia n'kupambana 4-2. Anali akuyandikira zaka 30, msinkhu umene ambiri amati munthu watha. Mu 1978 ndi 1979 anatenganso mphoto ya wosewera wopambana wa chaka, kufikitsa kasanu pamodzi ndi za 1968, 1970 ndi 1972.

Abale athu ochokera ku Malawi, amene mulipo ambiri muno m'makomboni, chaka cha 1978 mukuchikumbukira mwanjira ina. Mpikisano wa East and Central Africa Challenge Cup unachitikira kwanu, Chitalu anamwetsa zigoli 11, koma chikho chinatsala ku Malawi Flames itagonjetsa Zambia 3-2 mu fainolo. M'timu ya Malawi imeneyo munali Kinnah Phiri wa Bata Bullets, nayenso womwetsa zigoli woopsa, amene anadzayenda njira yomweyi. Anakhala kochi wa Flames mu 2008, n'kuitengera ku Africa Cup ya 2010 ku Angola kumene inathira Algeria 3-0.

Mu 1980 Chitalu anasewera ku Olympics ku Moscow ndipo anagoletsa eni bwalo, Soviet Union. Anasiya kusewerera Zambia ali ndi zigoli 79, zimene mpaka lero palibe wa kuno anazifika. Mu 1982 anapachika nsapato.

(Nyimbo yaifupi.)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukamba za Godfrey Ucar Chitalu, ndipo tafika pa ukochi wake.

Pali chikhulupiriro pakati pathu chakuti wosewera wabwino ndiye kochi wabwino. Timu ikayamba kuluza, komiti imathamangira kwa mkulu amene ankatchuka kale, kumupatsa wezulo, basi nkhani yatha. Kawirikawiri zimakanika. Diego Maradona ananyamula World Cup mu 1986 pafupifupi ndi mwendo wake wamanzere wokha, koma ali kochi wa Argentina mu 2010 anathiridwa 4-0 ndi Germany. Chifukwa chake si chovuta kumvetsa. Miyendo ya katswiri imadziwa zinthu zimene pakamwa pake sipatha kufotokoza. Mukamufunsa kuti munadziwa bwanji kuti mpira ugwera apa, amangoti ndinangodziwa. Nanga mwana wa zaka 13 aphunzirapo chiyani pa yankho limeneli? Ndiye katswiri amapsa mtima, amaona ngati anawo ndi aulesi, pamene iwo sakumva chimene akufuna.

Zili ngati mayi wodziwa kuphika amene mwana akangoyamba kuvundula nsima, iye walanda kale mthiko. Nsima ipsa bwino lero, koma mwanayo akula osadziwa kuphika. Kochi ndiye alibe n'komwe mwayi wolanda mthikowo. Wezulo ikalira, iye malire ake ndi mzere woyera.

Chitalu sanadumphire pa mpando waukulu atangovula jezi. Anakhalabe pafupi ndi Kabwe Warriors zaka zambiri, ndipo mpata wake weniweni unabwera pa nthawi yoipa. Kumapeto kwa 1990 Warriors, timu ija inasesa zikho zonse mu 1972, inatsika mu ligi yaikulu. Timu yotsika ndi nyumba ya maliro: ochemerera akutukwana, osewera abwino akuyang'ana kwina, akuluakulu akulozana zala. Apa mpamene anamupatsa timuyo. Mu 1991 anaibweza mu ligi yaikulu pa chaka chimodzi chokha, ndipo anasankhidwa kukhala kochi wopambana wa chaka.

Ndikufuna tiime pang'ono pa ntchito imeneyi, chifukwa anthu amaidutsa msanga pothamangira za ngozi ya ndege ya ku Gabon. Mu ligi yachiwiri mulibe ulemerero. Mabwalo ndi okumbika, maulendo ndi otopetsa, ndipo timu iliyonse yaing'ono imafuna kudzatchuka pogwetsa dzina lalikulu. Kumeneko dzina lakuti Ucar silikanamwetsa chigoli ngakhale chimodzi. Chofunika chinali kudzutsa anyamata ogwa mphwayi, kusankha 11 oyenera sabata ndi sabata, ndi kuugwira mtima woyimbira akalakwitsa. Mnyamata uja anatulutsidwa chifukwa chonyoza woyimbira tsopano ndiye ankayenera kuuza ana a anthu kuti siyani woyimbira, sewerani mpira. Mawu otere amalemera akachokera kwa munthu amene analipirapo mtengo wake.

Ku timu ya dziko analowa ngati wothandizira Samuel Zoom Ndhlovu, nayenso katswiri wakale wa Mufulira Wanderers, kochi amene anatsogolera Zambia pamene inathira Italy 4-0 ku Olympics ya ku Seoul mu 1988. Onani apanso: munthu wa zigoli 107 anavomera kukhala wachiwiri, kunyamula mipira ndi kumvera mnzake. Mu Disembala 1992 Zambia inagonja 2-0 ku Madagascar pa masewero a World Cup. Ndhlovu anachoka pa mpando, ndipo timu inagwera m'manja mwa Chitalu, Alex Chola akumuthandiza.

Zinthu zinatembenuka msanga. Zambia inathira Namibia 4-0 kwawo komweko, kenaka inabwezera Madagascar 3-1 muno mu Lusaka, n'kudutsa kupita m'chigawo chomaliza cholimbirana malo ku World Cup ya 1994 ku America. Pa 25 Epulo 1993 inapambana 3-0 ku Mauritius, zigoli zonse zitatu za Kelvin Mutale, mnyamata womwetsa zigoli amene anali m'manja mwa womwetsa zigoli wamkulu wa dziko lino. Ine ndikaganiza za awiriwa, mtima umandiwawa. Mutale akanafika pati ataphunzira kwa Ucar zaka zina zisanu?

(Nyimbo yachifatse, yaifupi.)

WOULUTSA: Zotsatira mukuzidziwa, ndipo sindichulutsa mawu. Usiku wa pa 27 Epulo 1993, ndege ya asilikali ya mtundu wa Buffalo imene inanyamula timu kupita ku Dakar kukasewera ndi Senegal inagwera m'nyanja itangonyamuka ku Libreville, ku Gabon. Anthu onse 30 anafa, mwa iwo osewera 18: Efford Chabala, Wisdom Chansa, Derby Makinka, Kelvin Mutale, Eston Mulenga, Timothy Mwitwa ndi anzawo. Chola analimo. Chitalu analimo, ali ndi zaka 45. Lipoti la boma la Gabon limene linatuluka mu 2003 linati injini yakumanzere inavuta, ndipo woyendetsa, amene anali wotopa, anazimitsa injini yabwino ija.

Anakhala kochi wamkulu wa dziko miyezi inayi yokha. N'chifukwa chake dzina lake monga kochi silimveka ngati dzina lake monga wosewera. Ntchitoyo inadukira pakati.

Koma njira imene anayenda sinatsekeke. Kalusha Bwalya, amene sanali m'ndegemo chifukwa ankachokera ku PSV Eindhoven, anatsogolera timu yatsopano mpaka fainolo ya Africa Cup ya 1994 ku Tunisia, ndipo pambuyo pake nayenso anakhala kochi wa Zambia. Mu 2012 timu ya dziko, Chipolopolo, inakanyamula chikho cha Africa ku Libreville komweko itagonjetsa Côte d'Ivoire 8-7 pa mapenate. Ndipo mu Malichi 2017, pa National Heroes Stadium, poyandikana ndi manda aja, Beston Chambeshi, wosewera wakale wa Nkana, anatsogolera anyamata osapitirira zaka 20 kugonjetsa Senegal 2-0 ndi kutenga chikho cha Africa. Ena a inu munayenda wapansi kuchokera kuno kukaonera Patson Daka ndi anzake tsiku limenelo.

Tsopano ndibwere kwa inu, makochi a kuno kwathu. Ambiri mwa inu munasewerapo. Ena munafika m'matimu a ligi, bondo n'kukukanikani; ena ndalama ya thiransipoti yopitira ku mayeso a timu yaikulu inasowa. Lero muli pa bwalo la sukulu kapena pa kampata kotsala pakati pa nyumba, zigoli zake ndi miyala iwiri, mvula ikagwa madzi ali thithithi pakati pa bwalo, ana ena ali ndi nsapato ena alibe, aang'ono akumenya chimpombwa chawo chamapulasitiki kumbali. Palibe amene amakulipirani. Nthawi zina mumachotsa ya ndiwo kugulira ana madzi. Ntchito yanu ndimailemekeza, ndipo n'chifukwa chake ndikulankhula mosabisa.

Mwana akaphonya chigoli goloboyi atagwa kale, musathamangire mawu aja akuti ine nthawi yanga sindikanaphonya. Mwina n'zoona, koma mwanayo sizimuthandiza. Muitaneni pambali masewero akatha. Mufunseni kuti maso ake anali kuti pomenya. Muonetseni pamene phazi loimira liyenera kuponda, pambali pa mpira osati kumbuyo kwake, ndi kuti thupi likagonera chagada mpira umakwera kumwamba. Kenaka abwereze mpaka mwendo uzolowere. Chimene miyendo yanu ikudziwa, chisandutseni mawu oti mwana amve. Maphunziro a ukochi a FAZ, bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno, akalengezedwa, pitani, ngakhale munali katswiri wotani. Ucar amene anakhalapo pansi pa mnzake.

Uja wovutayo musafulumire kumutaya. Muyeseni ndi udindo: asunge mipira, aitane anzake ku maphunziro, avale lamba wa ukaputeni mwezi umodzi muone. Ena adzakukhumudwitsani, n'zoona. Koma mukamuthamangitsa, kuno ku George mukudziwa kumene akathere madzulo. Ndipo uja wa pa benchi, amene sadandaula, amene amabwera tsiku lililonse koma simumulowetsa, muuzeni chifukwa chake ndi chimene ayenera kukonza. Amayi ndi abambo, inunso mwana akabwera kunyumba nkhope ili gwaa chifukwa sanasewere, musathamangire kukalalatira kochi pa bwalo. Pitani mukafunse mwaulemu, mwanayo ali pomwepo, amve yankho ndi makutu ake.

Chotsala ndi nkhani ya 107 ija, ndipo ili ndi phunziro lake kwa ife. Mu Disembala 2012 Lionel Messi anapitirira zigoli 85 za Müller, n'kutsiriza chaka ndi 91. Dziko lonse linati mbiri yathyoledwa. A FAZ anadzuka n'kunena kuti dikirani, kuno kunali Chitalu. A FIFA anayankha kuti iwo sasunga kaundula wa zigoli za m'maligi a mayiko, choncho sangatsimikize za wina aliyense. Zinatengera wofufuza wa kuno kwathu, Jerry Muchimba, kukakhala pansi ndi nyuzipepala zakale za 1972, kuwerenga masewero amodziamodzi, kulemba tsiku, timu ndi zigoli, mpaka anatulutsa buku la moyo wa Chitalu. Pakanapanda atolankhani amene analemba nthawi imeneyo, bwenzi 107 ili nthano ya pamowa chabe. Lero bwalo la Warriors ku Kabwe limatchedwa ndi dzina lake.

Ndiye kochi aliyense wondimvera, mawa mugule kope la sukulu, la masamba ochepa lomwe. Masewero aliwonse lembani tsiku, bwalo, timu imene mwakumana nayo, mayina a ana amene asewera, amene wagoletsa ndi amene wapereka mpirawo. Lembaninso tsiku lobadwa la mwana aliyense monga lilili pa khadi lake la ku kiliniki, chifukwa tsiku limene timu yaikulu idzamufune, funso loyamba lidzakhala la zaka. Kopelo likadzaza musalitaye. Liikeni m'pulasitiki kuopa mvula, mugule lina.

Nthawi yatithera. Sabata yamawa tidzakamba za Alex Chola, amene anakhala pambali pa Chitalu pa benchi ija, kuchokera ku Mufulira Blackpool mpaka ku Power Dynamos.

(Nyimbo yotsekera.)